Chitetezo cha mpasa za mu Bua chiyambire kumtunda

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo za mtsinje wa Bua. Mtsinjewu umayambira ku Mchinji, umalandira madzi a ku Kasungu, Dowa ndi Ntchisi, kenako umadutsa m'nkhalango ya nyama ya Nkhotakota usanathire m'nyanja. Ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa ndi sanjika zimakwerabe kukaswana. Kuyambira 2015 nkhalangoyi ikusamalidwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo chitetezo chakhwima. Koma mlonda amagwira munthu wotchera ukonde. Matope ochokera m'minda ya kumtunda sangawaimitse.

Mpasa imaikira mazira pa timiyala toyera, pamadzi osaya koma othamanga. Mazira amagwera m'mipata ya timiyalato, ndipo madzi odutsamo ndiwo amawabweretsera mpweya. Dothi lokokoloka likatseka mipatayo, mazira amabanika. Choncho wolima mpaka m'mphepete mwa mtsinje wa Rusa, umene umathira mu Bua, akupha nsomba zimene mwina sanazionepo.

Malamulo alipo. Lamulo la madzi la 2013 lidakhazikitsa National Water Resources Authority, bungwe loyang'anira madzi m'dziko muno, ndipo limalola kukhazikitsa makomiti oyang'anira dera lonse lothira madzi mumtsinje umodzi. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lidabweretsa MEPA, bungwe loteteza zachilengedwe. Makomiti a zachilengedwe a m'midzi ndi makomiti a asodzi a m'madooko nawonso ali ndi maziko m'malamulo a 1997. Chovuta n'chakuti khonsolo iliyonse imathera pamalire a boma lake, pamene mtsinje sudziwa malire. Tikupempha kuti onsewa, pamodzi ndi mafumu, alangizi a zaulimi ndi eni maesiteti a fodya, azikumana kawiri pachaka: mu Okutobala kugawana ntchito mvula isanagwe, ndi mu Meyi kuona zimene zachitikadi.

Ntchito yaikulu ili m'munda. Akalozera ayezedwe ndi chipangizo, osati ndi maso, chifukwa mzere wopendekera umasonkhanitsa madzi pamalo amodzi n'kuyambitsa chigwembe. Udzu wa vetiva ubzalidwe mvula ikakhazikika. Dulani masamba atsale masentimita 20, ikani timphukira titatu pa phando, mapando atalikirane masentimita 10 mpaka 15. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: pofuna kuti udzu ukwanire munda wonse, amatalikitsa mapando, madzi n'kumathamangira m'mipata ndi mphamvu yoposa kale. Ndi bwino kumaliza mzere umodzi wothithikana kusiyana ndi itatu yamipata. Pofota pabwezeredwe chaka chomwecho, ndipo udzu wanthete utetezedwe ku mbuzi ndi moto.

Chigwembe chimachiritsidwa kuyambira kumutu, osati kumunsi. Matchinga a miyala kapena zikhomo ndi nthambi akhale ambiri koma aafupi, osapitirira theka la mita. Pakati pakhale potsika kuti madzi adumphire pomwepo, mbali zake zilowe m'khoma la chigwembe, ndipo pogwera madzi payalidwe miyala. Tchinga limodzi lalitali limagumuka ndi mvula yoyamba yamphamvu.

Za m'mphepete mwa mtsinje tinene mosabisa: kungothamangitsa anthu m'madimba sikuthandiza, pakuti dimba ndilo limapulumutsa banja nthawi ya njala. Mfumu ndi anthu ake agwirizane zosiya mamita osachepera 15 kuchokera pagombe, akhome zikhomo aliyense akuona, ndipo mabungwe athandize ndi zitsime zosazama kapena mapaipi otalikirapo kuti madzi afike padimba latsopano. M'mpata wosiyidwawo bango ndi udzu zisatenthedwe. Mubzalidwe mikuyu, mbawa, katope ndi nsungwi, osati bulugamu. Zitsa zimene zikuphukira zitengulidwe, kusiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu. Zimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu ilipo kale. Mthunzi wa mitengoyi umaziziritsa madzi, ndipo madzi ozizira amasunga mpweya wambiri. Zopoperera mankhwala zisatsukidwe mumtsinje, madzi ake atayidwe m'dzenje lakutali ndi mtsinje ndi zitsime.

Kumunsi, pakati pa nkhalango ndi nyanja, mpasa imakumana ndi maukonde ndi misampha yotseka mtsinje gombe ndi gombe. Nsomba yogwidwa ili ndi mazira m'mimba ndi mbewu yodyedwa. Makomiti a asodzi aonetsetse kuti njira ya nsomba siikutsekedwa, ndipo katupe ndi maneti a udzudzu zisapezeke pamtsinje, chifukwa sizisankha kholo kapena mwana.

Chotsala ndi kuyeza, chimene chimasowa kwambiri. Lipoti lonena kuti tabzala mitengo yakutiyakuti silisonyeza ngati madzi ayera. Paipi yoonekera mkati yotalika mita imodzi, yokhala ndi chizindikiro chakuda ndi choyera pansi pake, ikwanira. Thirani madzi a mumtsinje pang'onopang'ono mpaka chizindikiro chibisike, lembani masentimita. Muyeze pamalo omwewo, monga pamilatho ndi pamathiriro a timitsinje, kawiri pamwezi ndiponso mawa lake la mvula yaikulu. Kuyeza kumtunda ndi kumunsi kwa mathiriro kumaulula kamtsinje kamene kakubweretsa matope ambiri, ndipo ndalama zochepa zimene zilipo zipite kumeneko poyamba. Ophunzira a sekondale angathe ntchitoyi bwinobwino, bola wina azisunga kaundula.

Tikupempha National Water Resources Authority kuti iitanitse msonkhano woyamba wa maboma onse asanu mvula ikubwerayi isanayambe, ndipo zotsatira za kuyeza zizimatidwa pa maofesi a mafumu ndi kuwerengedwa pa wailesi za m'madera.

Owerenga anu,
Nkhotakota