Kwa makasitomala athu: kusintha kwa zogwirira ndi mitengo yake

Okondedwa makolo athu, ndi inu ana ndi adzukulu amene mumawagulira,

Kalata iyi ndikulemba mtima ukuwawa, chifukwa munthu wogwira ntchito ndi manja ake sayenera kumangodandaula pamaso pa anthu. Koma mafunso achuluka pashopu pano, ndiye ndiyankhe kamodzi.

Kuyambira mwezi wamawa, zogwirira za masupuni, makiyi ndi mipopi, zimene timapangira anthu ovutika kupinda zala, sitizipanganso ndi mphira wofewa uja. Tizisema za mtengo n'kukulunga chubu cha njinga. Chilichonse chikwera ndi K15, ndipo zoyenda m'makomo kukayeza manja tasiya. Muzibwera nawo agogo Loweruka m'mawa.

Amene amatigulitsa mphira ku Lusaka watitopetsa. Mwezi uliwonse mtengo wina, akuti dola yakwera, koma kwacha ikalimba simudzamumva akutsitsa. Katundu womaliza anafika wouma, wong'aluka ukangomupinda, ndipo foni sakuyankhanso. Onjezanipo ndalama ya basi yonyamulira katunduyo pa Great East Road mpaka kuno ku Chipata. Kuwonjezera apo, chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Ndinakongola jenereta kuti makina osalazira asaime, ndipo ngongoleyo ndikubwezabe. Anyamata anga awiri sanaphonyepo malipiro, pamene ine mwiniwake miyezi ina ndimapita kunyumba chimanjamanja.

Ena akunena kuti tingochepetsa kunenepa kwa chogwirira kuti mphira azikwanira. Zimenezo ayi. Munthu wa nyamakazi kapena amene anadwala sitiroko amavutika kupinda zala mpaka kumapeto, n'chifukwa chake supuni wamba imamupulumuka akamadya phala. Chogwirira chikanenepa, chimadzaza chikhatho ndipo zala zimangokhalapo osafinya. Pa kiyi wa loko timaika kamtengo kotalika kuti azipotoza ndi dzanja lonse, osati ndi nsonga za zala ziwiri. Kuchepetsa pamenepo ndi kubera agogo, ndipo ine sindingachite. Mtengo timausankha wopepuka, chubu nacho sichiterera ngakhale m'manja muli madzi. Lamba wodutsa kuseri kwa dzanja tiziikabe monga kale.

Inu a ku Katete, Chadiza ndi Lundazi, ndikudziwa kuti kukweza nkhalamba minibasi si chinthu chapafupi. Ngati n'zosatheka, ikani dzanja lawo papepala, mulizungulize ndi bolopeni, mutitumizire chithunzi pa WhatsApp.

Mwatisunga zaka zonsezi, ena mwa inu mpaka kutibweretsera anzanu a ku tchalitchi, ndipo ndikuthokoza kwambiri. Chonde musatitaye chifukwa cha K15 imeneyi. Amene munalipira kale mulandira katundu wanu pamtengo wakale.

Ine wanu,
Mwini shopu