Liwu lakuti "mfana" lili ndi kwawo, tisalinyoze

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu za liwu limodzi limene silichoka pakamwa pa achinyamata athu, liwu lakuti "mfana", pamodzi ndi anzake "afana" ndi "mafana". Ndaphunzitsa Chichewa kwa zaka zambiri, ndipo ndakhala ndikumva aphunzitsi anzanga, abusa ndi makolo akudandaula kuti mawu ngati amenewa ndi a m'misewu, opanda kwawo, ndiponso kuti akuononga chiyankhulo chathu. Ine sindikugwirizana nawo, chifukwa liwu limeneli kwawo kulipo, ndipo linayenda ulendo wautali, mwina mwa misozi, lisanafike pakamwa pa mwana wa ku Ndirande kapena wa ku Kawale.

Mnyamata akati "mfana wanga" amatha kutanthauza mng'ono wake wobadwa naye bere limodzi, mnzake wocheperako msinkhu amene amamudalira, kapena yemwe amamutuma pa geni yake. Akafuna kuyamikira wosewera mpira amati mfana ameneyu ndi dolo. Koma liwu lomwelo limabaya likatuluka mwaukali, pakuti kumuuza munthu kuti "ndiwe mfana iwe" ndi kumuuza kuti sanakhwime, alibe chonena pagulu la amuna, ndipo "kamfana" ndiye kunyoza kwenikweni. Chimene chimandigwira mtima ndi "afana". Mwezi wathawu ndinali pa maliro kwathu ku Ntcheu, ndipo ndinaima pafupi ndi adzukulu akukumba manda pa dothi louma gwa. Amene anali m'dzenje, thukuta lili kamukamu, anakweza khasu m'mwamba nati kwa mnzake, "Afana, tandilandirani, msana wakana." Mnzakeyo sanayankhe kanthu, anangovula malaya n'kulowa. Pamenepo panalibe mwano ngakhale pang'ono. Linali liwu la anthu ofanana msinkhu amene akupatsana ulemu pa ntchito yolemetsa.

Liwuli ndi la Chizulu ndi ziyankhulo zina za mtundu umenewo za kumwera. M'Chizulu "umfana" ndi mnyamata, ndipo anyamata ambiri ndi "abafana". Okonda mpira akudziwa kuti timu ya dziko la South Africa, imene inatenga chikho cha mu Africa mu 1996, imatchedwa Bafana Bafana, ndiye kuti anyamata. Mawu a ziyankhulo zimenezi analowa m'dziko lino kudzera njira ziwiri. Yoyamba ndi ya Angoni. Gulu la Zwangendaba linaoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kunachita kadamsana, ndipo zidzukulu zake ndi Angoni a M'mbelwa ku Mzimba ndi a Mpezeni ku Chipata ndi Mchinji, pomwe Angoni a Maseko, a Inkosi Gomani, anakhazikika ku Ntcheu ndi mbali ya Dedza. Ngakhale Chingoni chinazilala m'midzi yambiri, chinatisiyira mawu amene lero palibe amene amawakayikira. Liwu lakuti "nduna", limene timatchulira akuluakulu a boma pa wailesi tsiku ndi tsiku, ndi "induna" wa Angoni, ndipo sindinamvepo wina akunena kuti likuononga Chichewa.

Njira yachiwiri, imene ine ndikuona kuti ndiyo inalipatsa mphamvu liwu lakuti "mfana" m'matauni mwathu, ndi ya ku migodi. Kwa zaka zambiri bungwe la Wenela linkalemba amuna a kuno kukagwira ntchito ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kumene ife timangoti ku Joni, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi amene anali kumeneko anapitirira 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa ulendowo. Unayambiranso mu 1977, bungwelo litasintha dzina kukhala TEBA, lomwe m'kamwa mwathu linasanduka Theba, mpaka unatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a anthu athu. Dzina la Wenela likadalipo pa depoti ya mabasi mumzinda wa Blantyre, ngakhale ambiri okwera pamenepo sadziwa chiyambi chake. Pansi pa mgodi anthu a mitundu yosiyanasiyana ankamvana m'Chifanakalo, chiyankhulo cha pa ntchito chimene mawu ake ambiri ndi a Chizulu, ndipo obwerera kumudzi ankabwera nacho pamodzi ndi mabulangete, mawailesi ndi njinga. "Madala", limene achinyamata amatchulira bambo awo, linachokeranso komweko, ku liwu la Chizulu lotanthauza wamkulu kapena wokalamba.

Malume anga, amene tsopano anatisiya, anapitako maulendo atatu. Tsiku lina madzulo tili pakhonde, iwo akusoka mphasa, mdzukulu wawo anadutsa ndi anzake akuitanana "mfana, mfana". Malumewo anaika singano pansi, nakhala chete kanthawi, kenako anandiuza kuti liwu limenelo iwo silinkawakomera. Anati ku mgodi mzungu woyang'anira, amene ankachepa kwa iwo ndi zaka zambiri, ankawaitana choncho, iwo ali bambo wa ana atatu, monga momwe atsamunda kuno ankaitanira munthu wa imvi kuti "boyi". Kwa iwo liwulo linali chikumbutso chakuti kudziko la eni munthu wakuda sankaloledwa kukula. Sanamukalipire mdzukuluyo. Anangomuitana, namufotokozera, ndipo mnyamatayo anamvetsera atanjuta, maso ali pansi.

Apa ndi pamene ndikupempha odandaula aja kuti aone bwino chimene ana athu achita. Anatenga liwu limene linkachepetsa agogo awo, naliveka Chichewa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anachotsa "u" wa kumayambiriro, monga momwe "umuntu" wa Azulu alili "munthu" kwa ife, ndipo "abafana" anakhala "afana" monga momwe "abantu" alili "anthu". Kenako anatsata mwambo wathu wakale wolemekeza munthu mmodzi pomutchula ngati ambiri, umene timanenera "abambo", "achimwene" kapena "aphiri", kotero kuti "afana" linasanduka la ulemu kwa mnzako mmodzi. Poona kuti tsopano pafunika njira ina yotchulira gulu, anapita ku gulu la maina la Li-Ma napanga "mafana", ndipo pofuna kuchepetsa anapita ku Ka-Ti napanga "kamfana" ndi "timafana". Palibe mphunzitsi amene anawalembera zimenezi pa bolodi. Malamulo a chiyankhulo amene timavutika kuwaphunzitsa m'kalasi, iwo akuwatsata bwinobwino pa siteji ya minibasi, ndipo chimenechi chikusonyeza kuti Chichewa chili ndi mphamvu yomeza mawu achilendo, monga chinamezera "nsapato" ndi "kapitawo" kuchokera ku Chipwitikizi.

Sindikunena kuti liwuli lilowe paliponse. Mnyamata amene angaitane munthu wamkulu kuti "mfana", kaya m'basi kaya pamsika, walakwa, ndipo walakwa kwambiri kuposa momwe akuganizira, chifukwa mwina munthuyo ali ndi bala lofanana ndi la malume anga. Pa bwalo la mfumu, pa chinkhoswe ndi m'kalata yofunsira ntchito pali mawu ake oyenera. Koma mwana tingamuphunzitse malire amenewa pokhapokha titamuuza kumene liwulo linachokera. Tikangomuuza kuti ndi mawu a anthu osalongosoka, iye amatseka makutu, chifukwa akudziwa kuti anzake amene amakumba naye manda ndi kusenza naye odwala ndi anthu olongosoka.

Akatswiri athu anayamba kale kuchiona chiyankhulo cha achinyamatachi ngati nkhani yofunika. Pulofesa Francis Moto analembapo za icho mu 2001, ndipo ena akuchitcha Chibrazi, dzina lochokera ku "brazi", limene achinyamata analipanga kuchokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza mbale. Vuto ndi lakuti zolemba zoterezi zili m'Chingerezi ndipo zimathera ku mayunivesite. Ndikupempha a Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatenga ntchito ya Chichewa Board mu 1996, kuti mawu ngati "mfana", "madala" ndi "aise" awafotokoze m'Chichewa, tanthauzo ndi chiyambi chomwe, kuti mphunzitsi wa kumudzi akhale ndi poyambira. Inunso akonzi mungathandize potipatsa kadanga kakang'ono sabata iliyonse kofotokoza liwu limodzi, owerenga n'kumatumiza zimene akudziwa.

Ntchitoyi ikufunika changu chifukwa amuna amene anapita ku Theba akutha. Otsalawo, ambiri mwa iwo akulondolabe ndalama zawo zimene zinatsalira ku Joni, ndiwo angatiuze mawu amene anabwera nawo ndi momwe ankawagwiritsira ntchito kumeneko. Malume anga anapita nawo kumanda mawu ambiri otere, ndipo zimandipweteka kuti pa madzulo onse amene ndinakhala nawo pakhonde paja sindinatenge kope n'kulemba.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu