Kalata kwa mwana wanga amene akufuna kugula mahedifoni

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko ku Lilongwe ndipo ntchito ikuyenda. Kuno tadzuka bwino. Amayi ako akupereka moni, akuti uwaimbire Lamulungu madzulo.

Uthenga wako ndinaulandira pamodzi ndi zithunzi ziwiri zija, cha mahedifoni ofiira oyaka timagetsi m'mbali, ndi cha kabokosi kasiliva ka ampulifaya (chokuzira mawu) kokhala ndi chopotokola chachikulu kutsogolo. Wafunsa ngati ndalama imene wasunga ingakwane zonse ziwiri. Nkhaniyi siyokwana m'mizere iwiri ya pafoni, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembere bwinobwino. Ndakondwa kuti wandifunsa usanatulutse ndalama. Ndakondwanso kuti wayamba kufuna kumvetsera nyimbo utakhala pansi, osangoti zizilira uku iwe ukuchita zina.

Yankho langa ndi ili: kabokosiko kasiye kaye. Gawo lalikulu la ndalama yako lipite ku mahedifoni, koma osati ofiira ajawo.

Ukudziwa kuti mphamvu zanga ndinathera pa mawailesi ndi zokuzira mawu, m'kashopu kaja ka ku Limbe, m'matchalitchi ndi m'maukwati. Akulu a mpingo ankabwera atagula ampulifaya yodula, n'kumadandaula kuti kwaya ikumvekabe ngati ikuimbira mumgolo. Ndikapita kukaona, ndinkapeza masipika ong'ambika atapachikidwa pakhoma. Chimene chimagwedeza mpweya kuti khutu limve ndi sipika, ndipo hedifoni ndi kasipika kakang'ono basi: maginito, kawaya kokulungidwa, ndi kachikopa kopyapyala kamene kamanjenjemera. Kachikopako kakakhala kosapangidwa bwino, ampulifaya imangokweza kuipa kwake.

Nyimbo imene ili mukompyuta ndi manambala okhaokha. Pali kachipangizo kotchedwa DAC kamene kamasandutsa manambalawo kukhala magetsi okwera ndi kutsika, kenako ampulifaya imawapatsa nyonga magetsiwo kuti athe kukankha kachikopa kaja. Zonse ziwirizi zilimo kale mu laputopu yako, kuseri kwa kabowo kolowetsapo pini. Ampulifaya uli nayo kale, mwana wanga. Chofunika kudziwa n'chakuti imene uli nayoyo ikukwanitsa kapena ayi, ndipo sungadziwe zimenezo mahedifoni asanafike m'manja mwako.

Pabokosi la mahedifoni aliwonse abwino pamalembedwa nambala ya ma ohm. Nambalayi imasonyeza mmene mahedifoniwo amakanizira magetsi kudutsa. Ikakhala yaing'ono, kuyambira 32 kufika cha m'ma 60, laputopu ngakhalenso foni imawayendetsa popanda kuvutika. Ikafika 250 kapena 300, kabowo ka laputopu kawirikawiri kamalefuka. Ukweza voliyumu mpaka kumapeto koma mawu akhalabe otsika, ndipo besi imveka yolobodoka ngati ng'oma yosawamba. Pamenepo ndiye ampulifaya yapadera ili ndi ntchito. Sennheiser HD 600, amene anatuluka mu 1997 ndipo mpaka lero akugulitsidwabe, ndi a 300 ohm. Ndi abwino kwambiri, koma amafuna ampulifaya, ndipo mtengo wake si wa munthu amene wangoyamba kumene ntchito. Beyerdynamic DT 770 Pro, a ku Germany, amabwera m'mitundu itatu, ya 32, ya 80 ndi ya 250 ohm. Dzina ndi limodzi, maonekedwe n'ngofanana, ndiye munthu wosawerenga bokosi amatha kunyamula a 250 n'kukafika kunyumba akuganiza kuti amugulitsa owonongeka. Palinso nambala ina ya ma decibel (muyezo wa kukwera kwa mawu) yosonyeza kuti mahedifoniwo amakwera bwanji akalandira mphamvu yochepa. Ikakhala yokwera, monga cha m'ma 100, ndiye kuti sadya mphamvu zambiri.

Tsopano uganizire kumene uzimvera nyimbozo. Mahedifoni ena ndi otseka kumbuyo, ena ndi otsegula, okhala ndi timabowo ngati sefa. Otsegula amamveka momasuka, ngati oimba aima patsogolo pako m'chipinda chachikulu, ndipo makutu satuluka thukuta mu Okutobala. Koma nyimbo yako imatulukira kunja, ndipo phokoso lakunja limalowa. Unandiuza kuti nyumba mukukhala awiri ndi mnzako amene amalawirira ku ntchito, ndiponso kuti msewu uli pafupi. Ngati zili choncho, tenga otseka.

Mwa otseka otsika mtengo, awiri ndimawakhulupirira. Sony MDR-7506 akhala akupangidwa kuyambira 1991, ndi a 63 ohm, ndipo amagwiritsidwa ntchito m'nyumba zambiri zoulutsira ndi zojambulira mawu padziko lonse, chifukwa sabisa cholakwa chilichonse m'nyimbo. Ena amawaona kuti amathwa pang'ono pa mawu okwera. Chingwe chake n'chopiringizika, cholemera, ndipo sichichotsedwa. Audio-Technica ATH-M40x ndi a 35 ohm, ndipo chingwe chake chimazuka, umatha kugula china. Ineyo ndikanatenga amenewa, pa chifukwa chimodzi chimene ndinachiona pa tebulo langa la ntchito kwa zaka zambiri: mahedifoni ambiri amene ankabwera kuti ndikonze anali amoyo ndithu, chimene chinkafa chinali chingwe, pafupi ndi pini kapena polowera m'khutu. Chingwe chochotseka chimapulumutsa mahedifoni onse. Ukadzakhala ndi chipinda chakochako chabata, udzayese Philips SHP9500, otsegula, a 32 ohm. Ndipo ngati ndalama yachepa kwambiri, usachite manyazi ndi Koss Porta Pro. Amaoneka osalimba ndiponso achikale, pakuti anayamba kupangidwa mu 1984, koma mawu ake amaposa mahedifoni ambiri onyezimira. Onse anayiwa laputopu yako iwayendetsa yokha.

Ofiira aja ndawakana chifukwa ndalama yopangira inapita pa timagetsi, pa utoto ndi pa besi yofufuma. Besi yotero imasangalatsa mphindi zisanu zoyamba uli m'sitolo. Ukafika nawo kunyumba imakwirira mawu a oimba, ndipo gitala ndi kiyibodi zimasanduka phala limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ukapita kukagula, utenge nyimbo zako pafoni, zimene unakula nazo, zimene ukudziwa pamene woimba amapumira. Usayesere nyimbo imene wogulitsa wakuikira. Nyimbo ya kwaya yopanda zida ndi imene imaulula msanga. Umvetsere ngati ukutha kusiyanitsa mawu a amayi otsogolera ndi a amayi otsatira pansi pawo, ngati abambo a besi akumveka kuti ndi anthu akuimba osati kungoti huu. Kenako uike ya ng'oma ndi maseche. Dzanja likamenya chikopa lizimveka kuti lamenya, ndipo maseche asabaye m'khutu. Uwavale kwa kanthawi ndithu, magalasi ako ali kumaso, chifukwa mahedifoni othina amakanikiza miyendo ya magalasi m'mutu, ndipo pakatha ola umangofuna kuwavula. Mahedifoni opweteka amathera m'dilowa, ngakhale atamveka bwino chotani.

Usamale ndi zachinyengo. Mayina otchuka amakopedwa kwambiri, bokosi ndi zilembo zonse kufanana. Ine ndemwe ndinagulapo otere, ndikudziwa ntchitoyi, chifukwa mtengo unanditenga mtima. Nditawatsegula ndinapeza kasipika konga ka m'chidole. Mtengo ukatsika mopitirira, bwerera. Gula pamene akupatse lisiti ndipo avomere kuti ubweze akapezeka ndi vuto. Ogwiritsidwapo kale ntchito si oipa ngati ali enieni. Umve mbali zonse ziwiri, ugwedeze chingwe pafupi ndi pini nyimbo ikulira, uone ngati mawu sakudukaduka. Masiponji a m'makutu akatha usadandaule, amagulidwa paokha.

Mahedifoni akafika, ukhale nawo milungu iwiri kapena itatu pa laputopu yokha. Ngati voliyumu ili cha pakati ndipo ukumva mokwanira, ndipo nyimbo ikatha kumangoti zii, ndalama ya ampulifaya isunge. Koma ukamamva kusosola kapena kung'ung'udza pansi pa nyimbo, kapena timawu tolira ukamayendetsa mausi, zula chaja kaye laputopu iyendere batire. Phokoso likatha, vuto ndi chaja kapena mawaya a m'nyumba. Likapitirira, ndiye kuti kachipangizo ka m'kati kakutola phokoso la kompyuta, ndipo mankhwala ake ndi DAC yakunja yolowetsa pa USB. Siyofunika kukhala yodula. Kachingwe kakafupi ka Apple kosintha USB-C kukhala kabowo ka 3.5 mm kali ndi DAC ndi ampulifaya m'kati mwake, ndipo ku America amakagulitsa madola 9. Ukafuna chokhala ndi chopotokola cha voliyumu pa tebulo, FiiO E10K ya ku China ndi DAC ndi ampulifaya m'kabokosi kamodzi, ndipo imadya magetsi a pa USB omwewo. Kwathu kuno zimenezi n'zofunika kuziganizira. Magetsi akazima, kabokosi kotere kamapitiriza ndi batire ya laputopu, pamene ampulifaya yolumikiza kukhoma imangokhala phee. Ndipo ukadzatuma munthu kuti akubweretsere ya kukhoma kuchokera kunja, uwerenge pa adaputala yake. Magetsi athu ndi 230 V, a ku America ndi 120 V. Ndaonapo zipangizo zatsopano zikufuka utsi tsiku lomwe zafika.

Nyimbo zakozo uzionenso. MP3 ya 128 kbps (nambalayi ikachepa ndiye kuti nyimbo yapanikizidwa kwambiri) imene yadutsa m'mafoni a anthu khumi siingakome ndi chipangizo chilichonse, ndipo mahedifoni abwino amangoulula zilema zake. Funa za 320 kbps kapena za FLAC, mtundu wa fayilo umene sutaya kalikonse ka mawu. Koma usalipire zambiri chifukwa cha manambala akuluakulu amene amalemba pa malonda. CD imasunga mawu pa 16 bit, kuwayeza ka 44,100 pa sekondi, ndipo zimenezo n'zokwanira khutu la munthu, limene ngakhale pa ubwana silimva mawu onjenjemera kupitirira ka 20,000 pa sekondi (20,000 Hz).

Pali nkhani imodzi imene yandikhalitsa pansi kuposa zonsezi, ndipo ndikufuna uiwerenge modekha.

Ukudziwa kuti amayi ako akamandiyankhula amazungulira kudzaima kumanja kwanga. Unakula ukuona zimenezo, mwina unkaganiza kuti ndi chizolowezi chabe. Khutu langa lakumanzere linatha, mwana wanga. Usiku ndi usana limalira ngati nyenje, ndipo kukakhala chete ndi pamene limakwera kwambiri. Zaka zonse zija ndinkaima pafupi ndi masipika m'maukwati kuyambira masana mpaka usiku, ndikabwera kunyumba makutu ali ngwii, n'kumati mawa zitha. Kwa zaka zambiri zinkathadi. Tsiku lina sizinathe. M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo tokhala ndi titsitsi tating'onoting'ono timene timamva kunjenjemera kwa mawu. Phokoso likatipha sitimeranso. Palibe jakisoni kapena opaleshoni yotibwezeretsa. Timayamba kufa ndi timene timamva mawu okwera, n'chifukwa chake ine ndimamva kuti munthu akuyankhula koma mawu ake osawagwira, makamaka pagulu. Mwana wa mchemwali wako akamandiuza nthano zake ndi kamawu kake kaja, theka limandidutsa, ndipo zimandiwawa kwambiri.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, limati munthu wamkulu angamvetsere mawu a 80 decibel kwa maola 40 pa mlungu osaononga makutu, koma mawu akafika 90 decibel nthawiyo imatsika kufika maola 4 okha pa mlungu. Taona mmene imagwera msanga. Choopsa cha mahedifoni abwino, makamaka okhala ndi ampulifaya, n'chakuti mawu sasweka ukakweza. Wailesi yotchipa imakuchenjeza yokha poyamba kusasa. Izi zimangokomabe, iwe n'kumapotokola pang'onopang'ono osazindikira kuti wafika patali. Ndiye uziyamba ndi voliyumu ili pansi nthawi zonse usanavale, kenako uzikweza kufikira pamene ukumva zonse, n'kulekera pomwepo. Pakatha ola uzivula, makutu apume. Mnzako akakuyankhula ali pafupi iwe osamva kalikonse, tsitsa. Ukavula n'kumva kulira m'khutu kapena ngati mwalowa madzi, dziwa kuti tsiku limenelo wapyola malire, ndipo zikachitika kawiri katatu upite kuchipatala akakuyeze. M'minibasi usamakweze pofuna kugonjetsa injini, kuli bwino kungodikira ukafike kunyumba.

Usanapereke ndalama, unditumizire chithunzi cha kumbuyo kwa bokosi pamene alemba manambala, ndione. Ndipo pobwera pa Khirisimasi uwatenge pamodzi ndi laputopu. Ndili ndi CD ija ya kwaya ya kumpingo kwathu imene ndinajambula amayi ako akutsogolera nyimbo, iwe uli kumsana. Tidzaikopera mukompyuta yako, udzamve mawu awo mmene analili nthawi imeneyo. Inenso ndidzamvako ndi khutu lakumanjali.

Ndine bambo ako.