Pempho: tipatseni zakale zomwe mwaunjika kuseri, timangire khola la nkhuku pasukulu

Makolo, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, komanso nonse a geni muno mu Mzuzu, landirani moni kuchokera ku komiti ya sukulu yathu ya pulayimale pamodzi ndi amayi a mother group.

Amayiwa akuweta nkhuku za Mikolongwe ndi zachikuda kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi aakulu. Mazira tikagulitsa, ndalama yake timagulira ana amasiye makope, zolembera, sopo ndi yunifolomu. Koma nkhukuzi zikutha tikuona. Masana kabawi ndi akhwangwala akutola anapiye, likongwe akulowera pansi pa mpanda wa udzu, usiku agalu oyendayenda akufukula, makoswe nawo akuswa mazira. Mvula ikagwa, monga mukuidziwira ya kuno yosafuna kukata, linthumbu limatha kulowa ndi kupha nkhuku yofungatira ili pachisa pomwepo.

Sitikupempha ndalama ayi. Tikufuna zinthu zomwe kwanu mwaleka kuziwerengera.

Choyamba malata akale, ngakhale a dzimbiri ndi obooka. Abwinoko tifolerera denga, koma oonongekawo ndiye tikuwafuna kwambiri. Makola ambiri amagonja chapansi: munthu amamanga chipupa chokongola, galu n'kungofukula m'munsi, mphindi zochepa walowa. Ife tikumba ngalande yakuya masentimita 30 kuzungulira khola lonse, tiimikamo malatawo, kumunsi kwake n'kuwapindira kunja, kenako kukwirira ndi miyala ndi zidutswa za njerwa. Chilombo chimayamba kukumba m'mphepete mwenimweni mwa mpanda, ndiye chikagunda lata chimagwa ulesi. Choncho amene mwagumula bafa kapena khitchini, zidutswa za njerwa zija musakatayire mumsewu.

Kwa a matabwa ku msika wa Zigwagwa ndi akalipentala a ku Chibavi, Luwinga ndi Mchengautuba, tikupempha zigwagwa ndi matabwa otsala. Mapaini ochokera ku Chikangawa ndi abwino pa makoma ndi pansi pogona nkhuku, kungoti sachedwa kuola akakhudza dothi lonyowa, motero pa nsanamira tikufuna mapolo a bulugamu. Chipinda chogona tichikweza m'mwamba mita imodzi kuti zitosi zizigwera pansi, chinyezi chisamafike, ndipo pa nsanamira iliyonse tiveka lata lopinda ngati chipewa, monga amachitira pa nkhokwe potchinga makoswe. Eni magalaja, oilo wakuda amene mumakhetsa m'magalimoto uja tisungireniko m'zigubu. Tipaka m'munsi mwa nsanamira kuti chiswe ndi linthumbu zisakwere. Matayala akutha akhale zisa zoikiramo mazira.

Pa waya tinene mosabisa. Waya wa nkhuku wamba uja amatsekereza nkhuku kuti zisatuluke, koma galu wanjala amaung'amba, khoswe ndi njoka amadutsa m'maso ake akakhala aakulu. Ngati muli ndi zidutswa za waya wolimba wa maso ang'onoang'ono, monga wa sefa yosefera mchenga, ndi amene tiike m'mazenera ndi m'munsi mwa mpanda. Lamulo lomwe amisiri athu agwirizana n'lakuti mpata uliwonse wolowa zala ziwiri utsekedwe. Mazenerawo sitingawachotse chifukwa choopa kuzizira kwa Juni ndi Julaye, poti khola lopanda mpweya limadwalitsa nkhuku chifuwa. Tizingotchinga ndi masaka mbali yomwe kukuchokera mphepo.

Pamwamba pa bwalo loyendamo nkhuku tikufuna ukonde wakale wa asodzi wotchinga kabawi. Amene muli ndi abale ku Nkhata Bay kapena ku Usisya, tifunsireniko. Koma chonde, maneti a udzudzu musabwere nawo. Tikudziwa ambiri amatchingira anapiye ndi mbewu za kudimba, koma neti inaperekedwa kuti mwana asadwale malungo, ndipo sukulu singakhale patsogolo kuphunzitsa ana zosiyana ndi zimenezo. Tikawabweza musatiyese amwano.

Tikusowanso chitseko chakale, mahinjesi, misomali ngakhale yopindika (ana a Sitandade 8 aiwongola) ndi loko wolimba, paja zilombo zina n'za miyendo iwiri.

Ena afunsa za chitopa. Khola silingaletse matendawa, n'zoona, koma nkhuku zogona malo amodzi n'zosavuta kuzigwira podontheza katemera wa I-2 m'diso, ndipo alangizi a ziweto tawapempha kale kuti azitikumbutsa nthawi yake ikakwana.

Katundu mubwere naye ku ofesi ya aphunzitsi aakulu tsiku lililonse la sukulu, alembedwa m'kaundula pamaso panu. Wolemera mungotiuza, abambo a m'komiti adzatenga pa wilibala kapena pa njinga. Ntchito tiziigwira Loweruka lililonse kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka khola litatha. Bwerani ndi makasu, mapiki, macheka ndi nyundo zanu, chifukwa sukulu ilibe zida zimenezi. Amayi aphika tiyi ndi chinangwa.

Zikomo kwambiri.

Komiti ya sukulu ndi mother group