Mwini Dzina Lako Anali Mfumu

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako. Ife kuno tilipo, kungoti bondo lija silikufuna kundisiya.

Ndamva kuti wawatopetsa amayi ako ndi funso lakuti dzina lako la ubatizo, Louis, linachokera kuti. Tchera khutu.

Mwini dzinalo anali Louis IX, mfumu ya dziko la France. Anabadwa mu 1214 ku Poissy. Bambo ake atamwalira mu 1226, anamulonga ufumu ali ndi zaka 12 zokha. Tangoganiza, msinkhu wa mkulu wako uja, amene kusamba timachita kumukumbutsa! Ankamugwirira dziko ndi mayi ake, a Blanche a ku Castile, mayi olimba mtima amene akuluakulu oukira anawalephera.

Chimene chimandikomera ine ndi ichi. Nyengo yotentha, akachoka ku Misa, ankapita kunkhalango ya Vincennes, kufupi ndi Paris, n'kukhala pansi atatsamira mtengo waukulu wa oak. Aliyense wokhala ndi dandaulo ankangofika, popanda mlonda womubweza, monga muja a mfumu athu aweruzira milandu patsinde pa kachere. Analemba zimenezi ndi mnzake Jean de Joinville, amene ankakhala nawo pomwepo. Mu 1247 Louis anatumanso anthu kuzungulira dziko kukafunsa ngati antchito a mfumu analanda zinthu za anthu, kuti zibwezedwe. Osauka ankawadyetsa ndi kuwasambitsa mapazi. Anamangiranso nyumba anthu osaona 300, ndipo mpaka lero ku Paris kuli chipatala cha maso chodziwika ndi dzina la nyumbayo, Quinze-Vingts.

Sindikunamiza kuti analibe zolakwa. Ayuda anawazunza, mabuku awo n'kuwotchedwa ku Paris. Nkhondo nazo sizinkamuyanja. Anapita kukamenyana ku Egypt, anagwidwa mu 1250, anachita kuomboledwa ndi ndalama zankhaninkhani. Koma osamva! Mu 1270 ananyamukanso, anadwala, n'kumwalira pa 25 Ogasiti pafupi ndi Tunis, mu Africa momwe muno. Papa Boniface VIII anamuika m'gulu la oyera mu 1297. Uwapemphe aphunzitsi akuonetse pa mapu mzinda wa St. Louis ku America, nawonso ndi mnzako wa dzina.

Ukabwera pa holide tidzakhale patsinde pa mango paja. Iwe udzakhala mfumu, ine ndidzabwera ndi mlandu wa mbuzi imene yatha chinangwa changa. Mbuziyo ndi ya agogo ako aakazi, ndiye uyambiretu kuganiza.

Ndine,
Agogo ako aamuna