Za batire la sola la amayi

Achimwene,

Moni wochokera kuno ku Chitakale. Tonse tili bwino, koma chiperoni chatipanikiza sabata ino, phiri silikuoneka n'komwe. Amayi ndinawaona Loweruka, ali bwino ndithu.

Mwafunsa kuti pa mabatire awiri mwawaona ku Johannesburg mugule liti. Tengani lolembedwa LiFePO4, ngakhale ndi lolemerapo. La NMC lisiyeni.

Nkhani yonse ili mbali ya batire yomwe amati cathode. M'mafoni ambiri mbali imeneyi imapangidwa ndi lithium, cobalt ndi okosijeni, zoyalana m'magawo ngati matabwa oumika aja amawasanja ndi timitengo pakati. Lithium ndiye timitengoto. Mukamatchaja, lithium amatuluka n'kupita mbali ina ya graphite. Chodabwitsa n'chakuti poyamba magawowo amatalikirana pang'ono, chifukwa okosijeni wa gawo ili ndi wa gawo linalo amakankhana pakasowa chowalekanitsa. Lithium akatuluka theka lokha, chapa mavolti 4.2, palibe vuto, amabwerera pamalo pake. Koma mukapitiriza kumukoka, magawo amatsetsereka kenako n'kugwerana, timibulu ta cathode timang'ambika, okosijeni n'kuyamba kuthawa. Lithium pobwera amapeza malo ena atatsekeka. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe foni yomwe inkagona ndi moto imayambira kuzima masana. NMC nayo ndi yoyalana chomwecho, kungoti kuwonjezera pa cobalt mulinso nickel ndi manganese.

Dzulo mayi wina wothyola tiyi wabwera ndi foni chivundikiro chitakankhika, batire litatupa kuti tuu. Mpweya womwe umatupitsa batire umachokera ku madzi a m'kati akamaonongeka ndi kutentha komanso kudzazitsa. Ndinamva chisoni, chifukwa foni ija ndi imene amalandirirapo ndalama za ana ake.

Munthu amene anatulukira cathode ya cobalt ku Oxford mu 1980, John Goodenough, ndi yemwenso gulu lake linabweretsa LiFePO4 ku Texas mu 1997. Mphoto ya Nobel anailandira mu 2019 ali ndi zaka 97. Mu LiFePO4 mulibe magawo ogwerana. Phosphorus amagwira okosijeni zolimba, ndipo lithium amayenda m'tinjira take. Akatuluka yense, cathode imanyala ndi magawo 7 okha pa 100, n'kubwereranso. Batire lotere silitha msanga, ndipo kuyaka moto n'kovuta. M'nyumba yogona agogo ndi adzukulu, ine sindingaikemo lina.

Muonetsetse kuti lalembedwa mavolti 12.8, ndipo mugulirenso kontolola yovomera lithium, popeza ya batire lakale la asidi ija siyenerana nalo. Ndidzaliika ndekha kuchipinda chozizira, osati pafupi ndi malata. Mundiuze tsiku lomwe mudzalikweze basi kuti ndikalichingamire ku Blantyre.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa ku Chitakale