Amene mukufuna kukapuma ku Mauritius, yambani mwafunsa za nyengo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga a muno mu Lusaka amene akusunga ndalama zoti akapume ku Mauritius, makamaka ongokwatirana kumene. Zotsatsa za pa Facebook ndi WhatsApp zimaonetsa mchenga woyera ndi mtengo wotsika, koma sizinena chimene chatsitsa mtengowo. Nthawi zambiri ndi nyengo.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nthawi ya anamondwe m'chigawo chimenechi cha nyanja ya Indian, ndipo Januwale mpaka Malichi ndi miyezi yoopsa kwambiri. Mu Januwale 2024, namondwe Belal anasefukiritsa madzi m'misewu ya Port Louis, likulu la dzikolo, mpaka kukokolola magalimoto. Kumeneko machenjezo amaperekedwa m'magawo anayi, Class 1 mpaka Class 4. Pakafika Class 3, mabasi amaima, masitolo amatsekedwa, ndege sizinyamuka, ndipo mlendo amangokhala m'hotela. Masiku owonjezera amenewo amalipira yekha ngati alibe inshulansi ya ulendo yonena momveka kuti imalipira kuchedwa chifukwa cha nyengo. Choncho musanapereke ngwee, pemphani kuti akuonetseni mawu amenewo papepala. Ine ndimaona kuti Meyi, Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yabwino kwa munthu wopita koyamba. Mu Juni mpaka Ogasiti mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imawomba kwambiri ku gombe la kum'mawa monga ku Belle Mare, ndiye m'miyezi imeneyo sankhani Flic en Flac kumadzulo, kapena Trou aux Biches ndi Grand Baie kumpoto.

Ulendo wochokera pa bwalo la Kenneth Kaunda umadutsira ku Johannesburg kapena ku Nairobi. Kufika ku Johannesburg ndi maola awiri, kuchoka pamenepo kukafika pachilumba ndi maola anayi. Gulani tikiti imodzi ya ulendo wonse. Mukagula awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, mudzayenera kutenga katundu wanu pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg n'kukamulembetsanso, ndipo ndege yoyamba ikachedwa, kampani yachiwiri ilibe nanu mlandu, tikitiyo yapita basi. Odutsira ku Nairobi akumbukire kuti Kenya ili pa mndandanda wa maiko a yellow fever. Mukakhala pamenepo maola opitirira 12 mukhoza kufunsidwa khadi lachikasu losonyeza kuti munabayitsa katemera wa matendawa, ndipo katemerayo amayamba kuvomerezedwa patatha masiku 10 chibayireni.

Wokhala ndi pasipoti ya Zambia safunika viza pokacheza, koma musaganize kuti akungokutsegulirani chitseko. A imigireshoni amafuna tikiti yobwererera, kalata yotsimikizira komwe mukagone, ndi umboni woti muli ndi ndalama zokwanira. Pali fomu ya pa intaneti yotchedwa All-in-One Travel Form yomwe muyenera kulemba musananyamuke. Popeza tikuchokera ku dziko la malungo, a zaumoyo akhoza kukufunsani mafunso kapena kukutsatirani komwe mukukhala kuti akuyezeni magazi. Musakwiye nazo, iwo anathetsa malungo kalekale ndipo akuteteza anthu awo. Mankhwala amphamvu othetsa ululu muwanyamule m'paketi yake pamodzi ndi kalata ya dokotala.

Kwacha yathu simungaisinthe kumeneko. Tengani madola kapena mayuro, mukasinthe kukhala ma rupee, ndipo muuze banki yanu masiku a ulendo kuti asatseke khadi poganiza kuti labedwa. Funsaninso tanthauzo la mtengo umene akuuzani. Half board ndi chakudya cham'mawa ndi chamadzulo chokha, zakumwa mumalipira padera, ngakhale botolo la madzi patebulo. Bwalo la ndege lili kum'mwera chakum'mawa pafupi ndi Mahébourg, ndipo kukafika ku Grand Baie ndi ulendo wopitirira ola limodzi, ndiye dziwani ngati galimoto yokutengani ili mumtengomo. Masana dyani dholl puri wa m'mbali mwa msewu, chakudya chonga chapati, ndi wotchipa ndipo amakhutitsa. Amayendetsa kumanzere ngati kwathu kuno, ndipo wotchi yawo ili patsogolo ndi maola awiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa zonse ndi madzi. Ambiri a ife sitinakulire kunyanja yamchere, ndipo kudziwa kusambira m'dziwe la palodji ku Siavonga sikukutanthauza kuti mafunde muwatha. Mbali yaikulu ya chilumbachi yazunguliridwa ndi matanthwe a m'madzi amene amaswa mafunde, ndipo mkati mwake madzi ndi odekha. Sambirani mmenemo, osadutsa zizindikiro zoyandama. Ku Gris Gris kum'mwera kulibe chotchinga chimenechi, mafunde amamenya gombe mwachindunji, ndipo sikosambira ayi, n'kongoonerako. Valani nsapato za labala polowa m'madzi chifukwa pansi pamakhala tizilombo taminga ndi nsomba yaululu yofanana ndi mwala, stonefish, yomwe mukaiponda ndi nkhani ya kuchipatala nthawi yomweyo. Pokwera boti lopita ku kachilumba ka Île aux Cerfs, pemphani jekete loyandamitsa la munthu aliyense, ndipo la mwana likhale la msinkhu wake, lomangika bwino boti lisananyamuke.

Wowerenga wanu,
Kabwata, Lusaka